NYIMBO ZATHU KUCHILENDO: KODI ZILI MOYO M'MIZINDA ITI?

Aliyense amene anafikapo pa depoti ya Wenela mu mzinda wa Blantyre, pa nthawi imene mabasi a ku Joni ali pafupi kunyamuka, adziwa chimene tikunena. Pamakhala anyamata ndi asungwana ochokera ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, yense ndi chikwama chake. Amayi awo amaima pambali, akukumbutsa mwana za pasipoti, za ndalama za m'njira, ndi za mbale amene akamchingamire akafika. M'chikwamamo muli zovala, usipa wouma, kampunga ka kilombero, mwinanso ndi Buku Lopatulika. Koma pali katundu wina wosaoneka ndi maso, amene ngakhale pa chipata cha Mwanza samlipiritsa msonkho, ndiye nyimbo zimene mwanayo wasenza mumtima mwake.

Nkhani yathu mwezi uno ili pa katundu ameneyu. Kodi akafika naye kuchilendo amakhala moyo, kapena amafera m'njira? Nanga ndi m'mizinda iti ya kunja m'mene nyimbo za kwathu zinamera mizu? Funsoli si lachibwana, pakuti m'makwalala athu muno ndi mabanja owerengeka okha amene alibe mwana, mlongo kapena mphwawo kunja kwa dziko.

Phunziro lochokera ku Ireland

Tisanayankhe, tiyambe taona mtundu wina wa anthu umene unayenda njira yomweyi ife tisanaiyambe. Ireland ndi chilumba cha kumadzulo kwa Britain, chochepa kuposa dziko lathu la Malawi. Ena timalidziwa dzikoli chifukwa cha Mpingo wa Presbyterian wa kumeneko, umene wakhala pa ubale ndi CCAP zaka zambiri. Koma ambiri timalidziwa chifukwa cha mbatata ya kachewere, imene pamsika amangoitcha "airishi". Mbatata imeneyi ndiyo inali nsima ya anthu osauka a dzikolo. Mu 1845 inagwidwa matenda niolera m'minda, ndipo njala inakhala kufikira cha m'ma 1852. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo enanso ochuluka chimodzimodzi anakwera zombo kunka ku America, ku Britain ndi kwina. Njala itatha ulendowo sunathe. Mibadwo yotsatira inapitirira kusamuka chifukwa cha umphawi ndi kusowa kwa ntchito.

Anthu amenewa anatenga vayolini, zitoliro ndi akodiyoni, ndipo lero munthu wofuna kumva nyimbo za makolo a Chiairishi kunja kwa dziko lawo amamlozera ku Chicago, ku New York, ku Boston ndi ku London. Mzinda uliwonse uli ndi chifukwa chake.

Ku Chicago kunali munthu wina dzina lake Francis O'Neill, wobadwira m'boma la Cork mu 1848. Anachoka kwawo ali mnyamata nagwira ntchito m'zombo, pambuyo pake nalowa upolisi, ndipo kuyambira 1901 kufikira 1905 anali mkulu wa apolisi a mzinda wonsewo. Munthuyu anali woimba chitoliro. Ataona kuti nkhalamba zodziwa nyimbo zakale zikutha, anayamba kuzifunafuna pakati pa anzake osamuka, mnzake wina wapolisi nkumazilemba. Mu 1903 anasindikiza buku la maimbidwe 1,850. Taganizani: chuma chimene chikanatayika ku Ireland kwenikweniko chinapulumutsidwa ndi munthu wokhala tsidya lina la nyanja yaikulu.

Ku New York kunali Michael Coleman wa m'boma la Sligo, katswiri wa vayolini, amene anafika ku America mu 1914 namwalira komweko mu 1945. Iye ndi anzake anajambula nyimbo pa mbale za galamafoni m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Osamukawo ankagula mbalezo natumiza kwawo, ndipo anyamata a m'midzi ya ku Ireland anayamba kuphunzira kaimbidwe ka kwawo kuchokera ku mbale zopangidwa ku New York. Ku Boston kunali maholo a magule kumene antchito ankasonkhana Loweruka madzulo. Ku London, nkhondo yachiwiri itatha, amuna ogwira ntchito ya zomangamanga ankakomana m'dera la Camden Town akaweruka, yense ndi choimbira chake, naimba pamodzi popanda wowalipira.

Mu 1951 anthu a ku Ireland anayambitsa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, lophunzitsa ana nyimbozi ndi kuchititsa mipikisano, ndipo nthambi zake zinafalikira m'mizinda ya kunja. Zipatso zake zinaoneka. Mu 1975 msungwana wobadwira ku Chicago, Liz Carroll, anapita ku Ireland napambana akatswiri onse a vayolini pa mpikisano waukulu wa dzikolo, ali ndi zaka 18 zokha. Mwana wobadwira kuchilendo anaposa obadwira pakhomo.

Sitikuyamikira zonse. Misonkhano yambiri ya oimba amenewa imachitikira m'nyumba zomwera mowa, ndipo malo otero sitingawasonyeze ana athu. Koma phunziro lilipo: nyimbo inayenda ndi anthu ake, inasungidwa kuchilendo, ndipo inabwerera kwawo ili ndi mphamvu zatsopano.

Ulendo wa makolo athu

Ifenso ndife mtundu woyenda. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo amuna a dziko lino anautsimikiza mwambiwu ndi mapazi awo. Msonkho wa nyumba umene boma la atsamunda linaika m'zaka za m'ma 1890, thangata wa m'minda ya Azungu kuno kum'mwera, ndi kuchepa kwa malipiro, zinachotsa amuna m'midzi. Oyamba ankayenda pansi masabata ambiri, kudzera ku Tete ndi kuoloka Zambezi. Pambuyo pake kunabwera Mthandizi, wolemba anthu ntchito za ku Southern Rhodesia, ndi Wenela, wolemba anthu a ku migodi ya golide ya ku South Africa. Enanso ankapita paokha, amene tinkati apita pa selefu. Njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri boma la Blantyre, inaonjezera chiwerengero cha ochoka.

Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha amuna athu oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma linaletsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, nitheratu mu 1988. Dzina la Wenela latsala pa depoti ija, ngati chipsera chokumbutsa bala. Ambiri a amuna aja anabwerera ndi njinga, masutukesi ndi magalamafoni; ena sanabwerenso, ndipo tinawatcha machona. Tsono tiwatsate kumene anakakhala, timve ngati kukumveka nyimbo.

Harare: kumene mizu inazama

Ngati tifunsidwa kutchula mzinda umodzi, ife titchula Harare, umene kale unali Salisbury, pamodzi ndi mafamu ndi migodi youzungulira. Amalawi anali ambiri kumeneko kotero kuti eni dziko anawapatsa dzina loti mabhurandaya, ndiko kunena anthu a ku Blantyre. Dzinalo nthawi zambiri linali lachipongwe, komabe likuchitira umboni kuti mzinda wathu uno unadziwika ndi ana ake.

Chimene chinasiyanitsa dzikoli ndi ena ndi chakuti munthu ankatha kukhala ndi banja lake pa famu kapena pa komboni ya mgodi. Ena anaitanitsa akazi awo kumudzi, ena anakwatira komweko, ndipo ana anabadwa nakula akumva Chichewa, Chiyao ndi Chitonga pakhomo. Pa Mbare, pa Highfield, pa Mufakose, ndi m'migodi monga Shamva ndi Hwange, ng'oma za kwathu zinkalira masiku opuma. Achewa anapita ndi gule wamkulu, amene kumeneko amamutcha zvigure, ndipo Ayao anapita ndi beni. Mpingo wathu uli ndi chiphunzitso chake chodziwika pa za gule wamkulu, ndipo sitikuchisintha pano. Tikungonena chimene chinachitika, kuti anthu otayana ndi kwawo anagwira zolimba chilichonse chowakumbutsa kumudzi.

Akristu nawonso sanakhale chete. Iwo eni ndiwo anapempha kuti awatumizire mbusa, ndipo mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku mishoni ya Nkhoma kukakhala pakati pawo ku Salisbury. Mipingo inakhazikika ku Salisbury, ku Gweru, ku Bulawayo ndi ku Highfield, ndipo mu 1965 inakhala Sinodi payokha m'banja la CCAP, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Kumeneko mibadwo yobadwira m'dziko la eni yakula ikuimba nyimbo zomwe timaimba ife Lamulungu m'mawa, ndipo Chichewa chikumvekabe m'chipembedzo pamodzi ndi Chishona.

Ngakhale m'nyimbo za dziko lonse la Zimbabwe muli chala cha Amalawi. Nicholas Zakaria, amene anayambitsa gulu la Khiama Boys m'zaka za m'ma 1980, anakulira pa famu m'dera la Mazowe, m'banja lochokera kuno. Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 kwa makolo a ku Malawi, anaphunzira ntchito m'gulu lomwelo asanayambitse lake la Orchestra Mberikwazvo. Awiriwa ndi ena mwa mizati ya kaimbidwe ka sungura, ndipo pakati pa nyimbo zawo za Chishona anaikamo za Chichewa, zimene zinaimbidwa pa wailesi ndi m'mabwalo odzaza anthu. Chinenero cha m'komboni chinafika pa nsanja ya dziko.

Tisaiwale kuti abale athuwa aona zowawa. Kulandidwa kwa mafamu kumene kunayamba mu 2000 kunasiya antchito ambiri a mtundu wathu opanda pokhala, ndipo lamulo la 2001 linachititsa ambiri obadwira komweko kuyesedwa alendo, kufikira malamulo aakulu a 2013 anawatseguliranso khomo la unzika. Munthu amene dziko lobadwira likumkana, ndipo kwawo kwa agogo ake sakudziwako njira, amatsala ndi chiyani? Ambiri anatsala ndi mpingo wawo ndi nyimbo zawo.

Lusaka: chilendo chosakhala chilendo

Mzinda wachiwiri ndi Lusaka, ngakhale kuti Mmalawi akafika kumeneko sachedwa kuiwala kuti ali kunja. Chinyanja ndicho chinenero cha pamsika ndi m'basi, ndipo chigawo cha kum'mawa kwa Zambia ndi kwawo kwa Achewa, Angoni, Ansenga ndi Atumbuka, amene malire a atsamunda anangowadula pakati. Chaka ndi chaka m'mwezi wa August, Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Koma Lusaka ali ndi mbiri inanso pa nyimbo zathu. Tisanakhale ndi wailesi yathuyathu, nyumba youlutsira mawu kwa anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, inali ku Lusaka. Mu 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, ndipo mabanja ambiri anayamba kumvera. Mmodzi wa oimba ndi oulutsa mawu otchuka pa nyumbayo anali Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, amene bambo wake anali Mtonga wochokera kuno. Ankaimba m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndipo agogo athu a ku Ndirande ankamumvera madzulo atazungulira kawailesi kamodzi. Anafa mu 1978 pamene asilikali a Rhodesia anathira nkhondo pafupi ndi munda wake ku Mkushi. Monga momwe mbale za ku New York zinkaphunzitsira anyamata a ku Sligo, mawu a ku Lusaka anaphunzitsa oimba a ku Blantyre. Kumbali ya mpingo, CCAP inakhala ndi Sinodi yake ya Zambia mu 1984, ndipo mpingo wa Reformed wa m'dzikolo, umene unachokera ku mishoni imodzi ndi Nkhoma, umaimbanso m'chinenero chathu.

Johannesburg: anthu ambiri, mizu yosazama

Wina angayembekeze kuti Joni ndiye akhale woyamba, popeza ndiko kunapita khamu lalikulu. Koma moyo wa ku migodi ya golide unali wina. Amuna ankagona m'makomboni a amuna okhaokha, akazi ndi ana osaloledwa, ndipo pangano la ntchito likatha munthu ankabwezedwa kwawo. Magule ankavinidwa ndithu masiku a Sabata, mtundu uliwonse pabwalo pake, koma panalibe ana oonerera amene akanawalandira. Nyimbo yopanda mwana woimvera ili ngati mbewu yokazinga: imakoma lero, koma siimera.

Amene anatuluka m'makomboni nakhazikika anasiya ana aluso. Ray Phiri, wobadwa mu 1947 pafupi ndi Nelspruit, anali mwana wa Mmalawi woimba gitala. Anatsogolera gulu la Stimela, naimba gitala m'chimbale cha Graceland cha Paul Simon mu 1986, ndipo anamwalira mu 2017 ali wodziwika pa dziko lonse. Luso la bambo wake analilandira, koma zambiri za nyimbo zake zotchuka zili m'Chingerezi ndi m'zinenero za ku South Africa.

Lero zinthu zasintha. Opita ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town ndi amuna ndi akazi omwe, ndipo ana akubadwira komweko. Oimba athu, monga malemu Wambali Mkandawire ndi malemu Lucius Banda, anajambulako zina za nyimbo zawo. Amalawi amasonkhana Lamulungu m'mipingo ndi m'magulu a mapemphero, ndiponso ali ndi mabungwe othandizana pa maliro. Koma ambiri amakhala mwamantha. Ziwawa zochitira alendo za mu 2008 ndi mu 2015, zimene zinachititsa kuti mabasi abwere ndi abale athu ku Blantyre ali manja lende, zinaphunzitsa ambiri kubisa chinenero chawo pamsewu. Munthu woopa kulankhula Chichewa m'basi sangachiimbe mokweza pakhonde. Chotero ngati nyimbo zathu zidzazama mizu ku Joni, zidzazamira m'nyumba ndi m'tchalitchi, ndipo ntchitoyo ili m'manja mwa m'badwo umene ukukwera basi lero.

Zimene zinabwerera kwathu

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Obwerera kwawo sanabwere ndi njinga zokha. Anabweranso ndi gitala, banjo ndi kaimbidwe katsopano. Chitsanzo choposa zonse chili pafupi nafe, m'mudzi wa Singano ku Chileka. Banja la a Kachamba linakhala ku Salisbury kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kumeneko anyamata awiri, Daniel ndi mng'ono wake Donald, anamva kwela, kaimbidwe ka chitoliro kamene kanabadwira m'misewu ya Johannesburg nikatchuka ndi anthu monga Spokes Mashiyane. Atabwerera kuno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre: Daniel pa gitala wa nsambo zisanu, Donald pa chitoliro, wina pa chisekese, wina pa babatoni, chija cha bokosi ndi nsambo imodzi. Mu 1967 katswiri wa za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba nayamba kuwajambula, ndipo m'zaka zotsatira nyimbo zawo zinamveka ku Ulaya. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999, namwalira mu 2001.

Apa pali chinthu chodabwitsa. Kachitoliro kachitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi kamene Donald Kachamba ankaimba ndi komweko kamene ana a ku Ireland amayambira pophunzira nyimbo za makolo awo. Oimba kwela ankangokalowetsa kwambiri m'kamwa ndi kukapendeketsa, kuti mawu ake akule ndi kupindika. Choimbira chimodzi, chotsika mtengo, chinatumikira mitundu iwiri ya anthu osauka otayana ndi kwawo. Ndipo kwela itazilala ku Joni kumene inabadwira, inakhalabe moyo ku Chileka, monga momwe nyimbo za ku Cork zinasungikira ku Chicago.

Nyimbo za Mulungu nazonso ndi zapaulendo

Tisaganize kuti nkhaniyi ikhudza magitala okha. Amishoni a ku Scotland amene anafika pano mu 1876 anali anthu a kuchilendo, ndipo anadza ndi maimbidwe a kwawo. Ambiri a maimbidwe amenewo ali m'buku lathu la Nyimbo za Mulungu, limene latumikira mipingo zaka zoposa 100, ndipo tawaimba pa maukwati ndi pa maliro kufikira asanduka athu. Kumpoto, Mbusa Donald Fraser wa ku Embangweni analimbikitsa Akristu a Chingoni, monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole, kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo. Pambuyo pake Mbusa Tom Colvin, amene anatumikira mu Sinodi ya Blantyre, anatenga ena a maimbidwe a kuno nawaikira mawu a Chingerezi, ndipo ena a iwo ali m'buku la nyimbo la Mpingo wa Scotland la mu 2005. Tsono ku Edinburgh ndi ku Glasgow kuli Akristu oimba maimbidwe a ku Malawi, pamene ife ku Zingwangwa tikuimba a ku Scotland. Mulungu sanaikire nyimbo malire.

Chimene chimasunga nyimbo

Tikayerekeza mizinda yonseyi, tiona kuti kuchuluka kwa anthu pakokha sikusunga nyimbo. Pafunika zinthu zitatu. Choyamba ndi banja, kumene mwana amamva nyimbo asanadziwe kuti akuphunzira. Chachiwiri ndi malo okomanirana nthawi ndi nthawi, kaya ndi holo ya ku Boston kapena tchalitchi cha ku Highfield. Chachitatu ndi munthu wodzipereka, wonga O'Neill, amene amatenga nthawi yake kulemba, kujambula ndi kuphunzitsa popanda kuyembekeza malipiro. Harare anali nazo zonse zitatu. Makomboni a ku Joni analibe choyamba chija.

Koma pali chinthu chachinayi chimene chili patsogolo pa zonsezi: munthu sangasunge kuchilendo chimene sanachitenge pakhomo. Apa ndi pamene nkhaniyi ikutibwerera ife a m'makwalala a Blantyre. Kunena zoona, kwa ambiri a ife Ndirande ndi Machinjiri ndiwo chilendo choyamba. Makolo athu anachokera ku Mulanje ndi tchopa, ku Mangochi ndi beni, ku Ntcheu ndi ngoma, ku Nsanje ndi utse, ku Nkhata Bay ndi malipenga. Kodi adzukulu awo akudziwapo nyimbo ingati ya magule amenewa? Ku Bangwe kuli ana angati amene anaonapo bangwe ndi maso awo, kapena kumva kulira kwake? Tikapita pa maliro usiku, tiona kuti ndi amayi a Mvano amene asenza nyimbo kufikira mbandakucha, ndime ndi ndime popanda buku, pamene achinyamata ambiri amathandiza ndime yoyamba yokha, kenaka nkuweramira pa foni. Amayi amenewa akadzapita, adzatsogolera ndani? Ndipo mwana wathu akadzamwalirira mnzake ku Cape Town, kumene kulibe amayi a Mvano a pa mlaga wake, adzayambitsa nyimbo ndani?

Mawu kwa makolo ndi kwa achinyamata

Makolo anzathu, m'mera mpoyamba. Tisasiyire Sande Sukulu ndi kwaya ntchito yonse. Pa mapemphero a madzulo m'nyumba, tiyeni tiimbe nyimbo imodzi yathunthu, ndime zake zonse, ndipo tiibwereze sabata lonse kufikira ana aidziwe pamtima. Nyimbo imodzi pa sabata ndi nyimbo 52 pa chaka. Tiwaphunzitsenso nyimbo zabwino za kumudzi, za pamtondo, za nthano ndi zotonthoza mwana, posankha zoyenera ndi kusiya zolaula. Tiziwauza matanthauzo a mawu akale, pakuti mwana saikonda nyimbo imene sakuimva. Ndipo pomangira mwana katundu wa paulendo, pambali pa Buku Lopatulika tiikepo buku la nyimbo.

Inu achinyamata, sitikudana ndi foni yanu, kapena nyimbo zatsopano zimene mukupeka. Daniel Kachamba nayenso anali mnyamata woimba zatsopano m'masiku ake. Koma nyimbo ya mu foni ndi yobwereka: foni ikabedwa pa Park Station, kapena moto ukatha, mwatsala chete. Gwiritsani ntchito foni yomweyo monga O'Neill anagwiritsira ntchito cholembera. M'mipingo yathu mukadali agogo amene anapita ku Wenela, ku Theba ndi ku Harare. Pitani mukakhale nawo pansi, muwapemphe akuimbireni zimene ankaimba pa komboni ndi m'tchalitchi cha kumeneko, muwajambule, ndipo koposa zonse muziphunzire ndi pakamwa panu. Sakhala nafe nthawi yaitali. Magulu a achinyamata ndi makwaya a m'mipingo ya Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri angathe kuigwira ntchito imeneyi chaka chino chomwe, popanda kupempha thandizo kwa wina aliyense.

Kwa inu amene muli kale kunja, ku Harare, ku Lusaka, ku Joni, ngakhale ku Dublin kumene ena a ana athu afika masiku ano: funani anzanu, khalani ndi tsiku lokomana, ndipo muzitenga ana anu popita. Musadikire kuti mukhale ambiri kapena kuti mbusa abwere. Anthu a ku Salisbury anayamba kusonkhana okha, mbusa nkubwera pambuyo.

Salmo 137 likutionetsa Aisraele ali ku Babulo, atalefuka mtima kotero kuti kuimba kunawakanika. Komabe chisoni chawocho chinasanduka Salmo, ndipo tikuliwerenga kufikira lero. M'buku la Machitidwe, mutu 16, tipeza Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi, kutali ndi kwawo, pakati pa usiku, mapazi ali m'matangadza. Analibe nyale, analibe buku. Anaimba zimene anali nazo mumtima, ndipo akaidi anzawo anamva. Tsiku lidzafika pamene mwana wathu adzakhala yekha m'kachipinda ka mzinda wachilendo, ntchito itatha, kwawo kuli kutali. Tiyeni tionetsetse lero, akadali pakhomo, kuti usiku umenewo adzakhale nayo nyimbo yoti aimbe.